Abale a bambo wa mwana akufuna kumutenga, bamboyo ali ku Joni zaka 6

Admin:
Mwaswera bwanji nonse. Membala wathu wina wanditumizira nkhani kumbali, wati ndiyike pano koma dzina lake lisaoneke. Chonde tiyankhe mwaulemu, amene alibe chothandiza angowerenga. Nkhani yake nayi:

"Ndine mayi wa zaka 29, kwathu ndi ku Ntcheu koma ndimakhala konkuno ku Chiputula mu Mzuzu, ndimagulitsa kaunjika ku Zigwagwa. Ndili ndi mwana wamwamuna wa zaka 7, ali sitandade 2. Bambo ake sitinakwatirane, tinali pachibwenzi basi, nditatenga mimba abale ake anabwera kudzaonana ndi malume anga nkulipira ndalama ija amati chibadala, koma za ukwati zinathera pomwepo. Mwana ali ndi chaka chimodzi bamboyo anapita ku Joni. Chaka choyamba ankatumiza pa Mukuru mwa apo ndi apo, kenako zii, nambala inasiya kugwira, ndinangomva kwa anthu kuti anapeza mkazi wina komweko. Zaka 5 zapitazi olo sopo sindinalandirepo. Lendi ndi ine, yunifolomu ndi ine, mwana atadwala chibayo anagonekedwa masiku 6 ndinagona pansi ndekha m'chipatala palibe anabwera kudzazonda. Nde sabata yatha kwabwera achemwali ake a bamboyo ndi agogo aakazi a mwanayu kuchokera kumudzi kwao cha ku Embangweni, akuti sukulu ikatsekera mu Disembala adzamutenga azikakhala kumudzi chifukwa ndi mwana wamwamuna akuyenera kukulira pa malo a bambo ake, komanso akuti iwo analipira. Ine sindikugona. Mwanayu agogo akewo wawaona kawiri kokha chibadwire. Kodi ali ndi mphamvu yomutenga? Ndikakana angandipange chani? Pa sitifiketi ya kubadwa dzina la bambo palibe chifukwa nthawi yolembetsa anali atapita kale. Ndithandizeni maganizo."

Nachisale wa ku Luwinga:
Asisi musalole. Zaka 5 anali kuti anthu amenewa? Mwana wakula wayamba kutumika nde akumufuna eti

Mayi a mapasa:
Mtima wanga wawawa ndikuwerenga. Pepani kwambiri asisi. Ine malamulo sindiwadziwa koma chimene ndikudziwa nchakuti musamupereke mwana olo atanena kuti ndi holide yokha, dikirani kaye mumve kwa odziwa.

Dada wa ku Ekwendeni:
Monire mose. Ine ndine wa kuno kumpoto, ndakhalapo thenga (nkhoswe) pa maukwati angapo, nde ndiloleni ndikonze pamene anthuwo akupotoza. Chibadala si malowolo mwana wanga. Chibadala ndi chindapusa, munthu walakwira banja la eni popereka mimba kwa mwana wao asanamukwatire, nde amalipira kupepesa. Sichigula mwana ayi. Pa mwambo wathu ana amawerengedwa a kuchimuna pamene malowolo aperekedwa, mathenga a mbali zonse akudziwa, mkazi walowa pakhomo. Apa palibe chimene chinachitika mwa zimenezi. Nde olo tikanati tiweruze pa mwambo wokhawokha osayang'ana za boma, iwowo sangangobwera nkunena kuti tikutenga. Amayenera kubwera modzichepetsa, kudzera kwa malume anu, nkupempha. Zimandipweteka anthu akamabisala kumbuyo kwa mwambo pamene mwambowo sanautsate nkomwe. Mwambo womwewo umati mwana wako akasowa chakudya ndiwe wochititsa manyazi mudzi wonse, nanga mbali imeneyo bwanji sakuitchula?

Nachisale wa ku Luwinga:
Yewo adada. Ife a kumwera ndi pakati timangoopa tikamva kuti kuno ana ndi a bambo, kumaona ngati basi palibe chonena.

Achimwene a ku Katoto:
Ndiyambe ndanena kuti sindine loya, koma ndagwira ntchito zaka zingapo yothandiza anthu kulemba madandaulo a kukhoti nde nkhani ngati iyi ndaziona zambiri. Ndilemba motalika pang'ono mundipirire.

Adada afotokoza bwino za mwambo, koma asisi dziwani kuti olo malowolo akanaperekedwa, nkhani ikafika kukhoti funso silikhala loti analipira ndani. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 23, amati ana onse ndi ofanana pamaso pa lamulo posatengera kuti anabadwa bwanji, kaya m'banja kaya kunja kwa banja, ndipo chilichonse chokhudza mwana chiziyang'ana kaye ubwino wa mwanayo. Gawo lomwelo limanenanso kuti mwana ayenera kulandira chisamaliro kwa makolo ake kaya ndi okwatirana, osakwatirana kapena banja linatha. Nde pali lamulo lina la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limene linakhazikitsa makhoti a ana. Kumeneko nkumene nkhani yoti mwana azikhala ndi ndani imakambidwa. Kholo litha kukapempha, wachibale athanso kukapempha, ndiye kuti agogowo nawo khomo ndi lotsegula ngati akufunadi, koma akuyenera kukapempha kwa majisitireti osati kudzalamula pakhomo panu. Ndipo majisitireti amayang'ana zinthu ngati izi, mwana wakhala ndi ndani nthawi yonseyi, kumusuntha kumusokoneza bwanji pa sukulu ndi pa moyo wake, msinkhu wake ndi kufunika koti mwana wamng'ono akhale ndi mayi ake, komanso maganizo a mwanayo ngati wafika poti atha kulankhula. Inuyo mwamulera zaka 7, ali pa sukulu, bambo ake kulibe nkomwe kumudziko. Akamutenga akakhala ndi ndani? Si bambo ake ayi, akakhala ndi agogo amene wawaona kawiri.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Pakadali pano mulibe pepala lililonse. Mwana ali ndi inu chifukwa ndinu mayi ake ndipo palibe anatsutsapo, basi. Tsiku limene munthu adzamutenge pa geti ya sukulu nkukwera naye minibasi ya ku Jenda, mudzayamba kuthamanga kuchokera pa ziro, ndipo aliyense amene mudzamupeze adzayamba ndi kukuuzani kuti ndi nkhani ya pabanja kakambiraneni. Pamene mukakhala ndi chigamulo cha khoti choti mwana azikhala ndi inu, nkhani imasintha, amene wamutengayo waphwanya lamulo la khoti. Nde musadikire Disembala. Pitani panopa zinthu zidakali bata.

Mayi a mapasa:
Achimwene nanga poyambira ndi pati, munthu amangolowa kukhoti nkunena kuti ndabwera?

Achimwene a ku Katoto:
Njira yosavuta ayambire ku ofesi ya Social Welfare, amenewo ndi amene amaona za ana, amatha kuitana mbali zonse nkukambirana, ndipo khoti likafuna kudziwa mmene mwana akukhalira ndi omwewo amene amapita kukaona pakhomo nkulemba lipoti. Ngati alibe ndalama ya loya, Legal Aid Bureau ili ndi ofesi konkuno ku Mzuzu, ntchito yao ndi yomweyo yothandiza osowa. Anthuwo akabwera ndi ukali kapena kuopseza, apite ku Victim Support Unit ku polisi. Palinso nambala yaulere ya 116 ya nkhani za ana. Atenge kabuku ka kusikelo ndi ka kuchipatala, sitifiketi ya kubadwa, malipoti a kusukulu, marisiti alionse amene anasunga, ndi mameseji a Mukuru aja ngati adakalipo mufoni chifukwa akuonetsa tsiku limene thandizo linasiya.

Wobwera ku Joni:
Ine ndilankhulako mbali ina, musandigende. Ndakhala ku Joni zaka 9, ndabwera chaka chatha. Sindikuikira kumbuyo mnyamatayo, kusiya mwana zaka 5 nkulakwa basi. Koma anthu kuno amaona ngati aliyense ali kumeneko akudya bwino. Ambiri mapepala anatha kalekale, ntchito ndi ya mgadeni kapena pa shopu ya munthu, ukadwala sabata imodzi ntchito yatha, ena amagwidwa nkukakhala miyezi ku Lindela, kumene amasungira anthu oti abwezedwe kwao, foni atalandidwa. Ndiye manyazi amakugwira, umati ndiimba ndikapeza kangachepe, mwezi umatha, chaka chimatha, mapeto ake umaopa ndi kuimba komwe. Umo ndi mmene munthu amasandukira mtchona. Chimene ndikupempha asisiwa nchakuti mwana akhale naye, inde, koma asatseke chitseko kwa agogowo. Mwina mayi wokalambayo nayenso mwana wake sakumumva, nde akuona ngati kamdzukuluko ndi kokhako kamene kamutsalira.

Nachisale wa ku Luwinga:
Achimwene manyazi sadyetsa mwana. Mayiyu nayenso bizinesi imamuvuta, belo la kaunjika limatha kutuluka zinyalala zokhazokha, koma sanathawe. Nde mukuti azimvera chisoni anthu amene sanabwere olo kuchipatala?

Wobwera ku Joni:
Sindinati awapatse mwana amayi. Ndati asawadane. Nzosiyana.

NyaZolozolo:
Ndiloleni ndinene zimene zinandichitikira ine mwina zithandiza. Wanga anali wamkazi, zaka 5 nthawi imeneyo. Bambo ake anapita ku Tanzania pa bizinesi osabweranso, ifenso sitinakwatirane. Azakhali ake a mwana anabwera bwinobwino ndi shuga ndi chitenje, akuti tikufuna mwana akacheze sabata ziwiri za holide. Ine ndi mtima woti ndi abale ake ndinalola. Sabata ziwiri zinakwana, ndikaimba akuti mawa, kenako akuti wayamba sukulu konkuno musamusokoneze, kenako foni osayankha. Ndinapita kumudziko ndekha, anandikhazika pa mkeka kunja ngati mlendo, amuna a pamudzi atazungulira, mwana anamubisa kwa aneba, ndinabwerera ndikulira njira yonse. Chinanditengera chaka ndi miyezi 4 kuti mwana abwerere, kudzera kukhoti la ana. Ndipo chimene chinandipweteka kwambiri nchakuti pa nthawi imeneyo mwana anali atazolowera kumeneko, nde mbali inayo inkanena kuti mukamuchotsa mumusokoneza, mfundo yomwe ija achimwene a ku Katoto anena yosamusunthasuntha mwana inayamba kugwira ntchito mondipweteka ine. Mwamwayi a Social Welfare atapita anapeza kuti sukulu amajomba kwambiri, amakhalira kulera ana a azakhali akewo, komanso mwanayo atafunsidwa payekha ananena kuti akufuna amama. Khoti lake silili ngati la milandu ya akuba lija, simudzadza anthu, amakufunsa modekha. Koma chaka chimenecho sindidzachiiwala, ndinaonda anthu kumaganiza kuti ndikudwala. Nde asisi mawu oti holide amenewo ine ndimawaopa. Pezani kaye pepala, kucheza kubwere pambuyo.

Mayi a mapasa:
Mayo ine. Pepani amama. Mwana ali bwanji pano?

NyaZolozolo:
Ali bwino, ali fomu 1. Kwa abale a bambo ake amapita koma ndimamuperekeza ndekha nkubwera naye tsiku lomwelo.

Achimwene a ku Katoto:
Zikomo amama pofotokoza, mwanena chinthu chimene anthu ambiri sachidziwa. Nthawi imagwira ntchito mokomera amene ali ndi mwana m'manja. Lero ikukomera asisiwa chifukwa zaka 7 zonse ali naye. Akamupereka nkukhala chete chaka, iyamba kukomera enawo.

Bambo wa ku Mchengautuwa:
Pepani ndilowetsepo yanga chifukwa pagulu pano nkhani zimakhala ngati othawa ndi amuna okhaokha. Ine zanga nzotembenuza. Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 4, mayi ake tinasiyana tisanakwatirane, chaka chathachi anapita kunja kukagwira ntchito ya m'nyumba, mwana anamusiya kwa mayi ake ku Chibavi osandiuza nkomwe. Ine ndimapanga ukalipentala, mwezi uliwonse ndimatumiza pa Airtel Money kwa agogowo, fizi ya ku nasale ndimalipira ndine. Koma ndikapita kukamuona amandiimika pa geti, akuti sunalowole ulibe mwana pano, ndalama zokha ndi zimene amalandira. Mayi ake foni amayankha mwa kamodzikamodzi, akuti bwana wake amamulanda. Ndiye ine ndili moyo, ndili mtauni momwemuno, mwana wanga akuleredwa ngati wamasiye. Kodi lamulo mukunenalo limaonanso abambo kapena ndi la amayi okha?

Dada wa ku Ekwendeni:
Mwana wanga apa nde pamene mwambo umatipweteka tokha. Ndalama akulandira, mwana akukaniza. Sizoona zimenezo.

Achimwene a ku Katoto:
Limaona onse bambo. Lamulo limati kholo, silinati mayi. Inuyo mutha kukapempha zinthu ziwiri, kuti mwana azikhala ndi inu, kapena ngati mukuona kuti kwa agogo akukhala bwino, mupemphe chilolezo chokhazikika chomamuona ndi kumamutenga masiku akutiakuti. Kusalowola si chifukwa chomukanizira bambo mwana wake kukhoti. Koma ndikufunseni, pa sitifiketi ya kubadwa ya ku NRB, ofesi ya boma yolembetsa anthu, dzina lanu lilipo? Chifukwa makolo akakhala osakwatirana dzina la bambo sililembedwa pongotchulidwa ndi mayi, bamboyo amayenera kuvomera yekha, apo ayi khoti linene. Ngati palibe, khoti la ana lomwelo limatha kugamula kuti bambo wa mwana ndi ndani, limayang'ana ngati munavomerapo poyera, ngati munachitapo za mwambo monga kulipira chibadala chija, ndipo pakakhala kukanirana limatha kulamula zoyeza magazi. Mameseji a Airtel Money musafufute olo imodzi. Komanso ndikuuzeni zoona, mwana wa zaka 4 amene wazolowera agogo ake, majisitireti adzafuna kudziwa kuti inu mukakhala ku shedi tsiku lonse mwana azikhala ndi ndani, mumagona nyumba yotani, muli ndi mkazi wina kapena ayi ndipo mkaziyo akuti bwanji. Mukonzekere mayankho a zimenezo, osangoti ndi mwana wanga.

Bambo wa ku Mchengautuwa:
Dzina langa lilipo, tinakalembetsa limodzi. Ndimakhala ndi mchemwali wanga wamkulu ndi ana ake awiri. Kunena zoona sindikufuna kuwalanda agogowo, amamukonda mwanayo ndimaona, ndikungofuna Loweruka ndi Lamlungu azikhala kwathu adziwe kuti ali ndi bambo.

Achimwene a ku Katoto:
Nde pemphani zomwezo ndendende mmene mwalembera apa. Yambirani ku Social Welfare awaitane agogowo, nthawi zambiri zotere zimathera pa tebulo pomwepo.

Mayi wa Mvano:
Ine ndabwerera kwa mwini nkhani. Mwana wanga, zonse anena anzangawa nzabwino koma ine mawu oti khoti amandiopsa. Mukangowatengera kukhoti apongozi anu chibale chatha, ndipo mwanayo mawa adzafuna kwao. Chibale ndi fupa sichiola. Bwanji osayamba mwaitana malume anu ndi akuluakulu a mpingo mukhale pansi?

Nachisale wa ku Luwinga:
Amayi si apongozi ake, sanakwatiwe nawo. Ndipo kukhala pansi kumeneko nkumene amayi ambiri amakakamizidwa kuvomera zinthu chifukwa pabwalo pali amuna khumi iye ali yekha

Mayi wa Mvano:
Mwana akabadwa ubale ulipo basi olo ukwati palibe. Ine sindikuti avomere, ndikuti ayese kaye mtendere.

Achimwene a ku Katoto:
Amayi ziwirizi sizilimbana. Akhale pansi ndithu, malume abwere, nkhani ikambidwe mwaulemu. Koma zimene agwirizanezo zilembedwe, ndipo zikafike kwa a Social Welfare kapena kukhoti zikakhale chigamulo. Kupita kukhoti la ana sikumanga munthu, palibe amene akalowe m'ndende, nkungoika poyera kuti mwana azikhala apa, abale ake azimuona motere. Mgwirizano wa pakamwa umakoma onse akadali okondwa, ukadzabwera mkwiyo aliyense amakumbukira zake.

Mnyamata wa ku Masasa:
Ndakhala ndikungowerenga koma ndilembeko monga mwana amene anakulira mu nkhani ngati imeneyi. Bambo anga anapita ku Joni ndili ndi zaka 2, sanabwerenso mpaka anamwalira komweko, thupi linabwera ndili fomu 3. Mayi anga chifukwa cha mkwiyo, ndipo mkwiyo wao ndimaumvetsa, sanandilole kupita kwao kwa bambo olo kamodzi. Tsiku loyamba kuponda pamudzi paja linali la maliro. Anthu akulira akundiloza kuti uyu ndi mwana wa malemu, ine osadziwa olo mmodzi, chiTumbuka chake chakumudzi osachimva bwino, agogo anga aamuna anandigwira dzanja osalisiya mpaka kumanda, anamwalira chaka chotsatira. Mpaka lero zimandiwawa kuti munthu ameneyo ndinamudziwa tsiku limodzi. Koma mbali inayi, akanati anditenge ndili ndi zaka 7 kundichotsa kwa mayi anga, ndikuganiza ndikanasokonekera mutu, chifukwa mayi anga ndi amene anali dziko langa lonse. Nde asisi mwana asachoke kwa inu, chimenecho musagonje. Koma agogo akewo akafuna kubwera ku Chiputula kudzamuona, aphikireni tiyi. Mukapeza mpata mupite naye inuyo kumudziko akaone manda a makolo ake ndi minda, mubwere naye. Adzakuthokozani akadzakula.

Wobwera ku Joni:
Ndi zomwe ndimafuna kunena zija, iwe wazinena bwino kuposa ine mphwanga.

Dada wa ku Ekwendeni:
Mnyamata wandiliza. Ndionjezere kuti kudziwika kumudzi kumathandizanso mawa pa nkhani ya malo.

Achimwene a ku Katoto:
Zoona adada, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerenga mwana wobadwa kunja kwa banja mofanana ndi ana ena onse a malemu. Nchifukwa chake nkhani ya dzina la bambo pa sitifiketi asisi musaitaye, olo mwakwiya bwanji. Mwayi ulipo panopa, abale ake abwera okha kudzanena kuti mwana ndi wathu, ndipo analipira chibadala pamaso pa malume anu. Umenewo ndi umboni woti bambo ndi ameneyo. Zimene akuona ngati chida chao zikuthandiza mwana wanu.

Mtsikana wa ku Chibanja:
Funso langa lapambali pang'ono. Ine ndinamva kuti mukakhala limodzi nthawi yaitali boma limakuwerengani ngati okwatirana, nde zimenezi sizingasinthe nkhani ya mwana?

Achimwene a ku Katoto:
Lilipo lamulo la maukwati la 2015, limalola khoti kuvomereza kuti anthu amene akhala limodzi ngati banja zaka zosachepera 5 ndi okwatirana, koma ndi khoti limene limanena zimenezo litaona umboni, sizimangochitika zokha. Kwa asisiwa sizikukhudza chifukwa sanakhalepo nyumba imodzi. Ndipo olo zikanakhudza, zimathandiza pa katundu ndi zina, pa mwana funso limakhala lomwe lija la ubwino wa mwanayo.

Agogo a ku Ching'ambo:
Ine foni ndi ya mdzukulu wanga akundilembera. Ndikulera adzukulu atatu, mayi ao mwana wanga anapita ku Joni, abambo ao awiri osiyana palibe amene amabwera. Mwana sakulira nakubala, ndawalera ndine. Kodi nanenso ndingakapeze pepala limenelo? Ndimaopa tsiku lina wina adzangotulukira kuti ndikufuna wanga.

Achimwene a ku Katoto:
Mungathe agogo, lamulo limalola wachibale amene akulera mwana kukapempha. Ndipo mutha kupemphanso kuti abambo awo, ngati ali konkuno ndipo akudziwika kumene ali, azipereka chithandizo, chifukwa udindo wodyetsa ndi kuphunzitsa mwana sutha chifukwa choti munthu wachoka pakhomo. Mwana malinga ndi malamulo athu ndi aliyense wosakwana zaka 18, anasintha mu 2017. Uzani mdzukulu wanuyo akuperekezeni.

Mayi a mapasa:
Nanga mwini nkhaniyu angasumire chithandizo cha zaka 5 zija munthu ali ku Joni?

Achimwene a ku Katoto:
Apa nde povuta, ndisakunamizeni. Ufulu wopempha ali nawo, koma samani imafunika imufike munthuyo, ndipo olo khoti ligamule, kumukakamiza munthu amene ali dziko lina, wopanda adiresi yodziwika ndi ntchito yolembedwa, ndi chintchito. Ambiri amadikira akamva kuti wabwera pa Khirisimasi nkumupatsa samani ali kumudzi. Nde ine ndikanati asisi asasakanize, ayambe ndi chimene chili m'manja mwao, choti mwana akhale ndi iwo mwalamulo. Akawauze a khoti zoona zonse kuti bamboyo anachoka liti, anasiya liti kulankhula, ndipo ayesapo njira ziti kumufuna, chifukwa adzafunsidwa ngati anayesa kumudziwitsa. Nambala ya achemwali ake aja ikhala yothandiza pamenepo. Za ndalama zidzatsatira akadzaoneka.

Nachisale wa ku Luwinga:
Komanso asisi pitani kusukulu mukawauze aheadi ndi aphunzitsi a kalasi yake kuti mwana asatengedwe ndi munthu wina aliyense kupatula inu. Ndi aneba omwe auzeni. Mwananso muuzeni mwachikondi osamuopseza kuti akabwera azakhali asakwere nawo galimoto inu musanadziwe.

Admin:
Mwini nkhani wayankha kumbali, ndikuika mmene walembera:

"Zikomo nonse, ndawerenga chilichonse kawiri. Adada a ku Ekwendeni mwandimasula, ine ndimaona ngati ndalama ija inandimanga manja. Ndaimbira malume anga ku Ntcheu avomera kubwera kumapeto kwa mwezi, ati iwonso akukumbukira bwino kuti tsiku lija panalibe mawu a ukwati kapena otenga mwana. Ndaimbiranso achemwali ake a bambo wa mwana, ndawauza mwaulemu kuti mwana sapita kukakhala kumudzi koma agogo ake ali omasuka kubwera kudzamuona nthawi iliyonse, ndipo malume akabwera tikhale pansi. Sanakondwe, anati tiona, koma mkati mokamba anatulutsa okha kuti mchimwene waoyo nawonso anasiya kuwaimbira chaka chatha, agogowo akumangolira. Nde achimwene obwera ku Joni munanena zoona. Mnyamata wa ku Masasa mawu ako andikhudza, sindimufuna mwana wanga adzadziwe kwao tsiku la maliro. Kusukulu ndapita kale mmawa uno. Ku Social Welfare ndikufuna ndipite Lachiwiri, kabuku ka kusikelo ndakapeza, mameseji a Mukuru anapita ndi foni yakale koma ndili ndi timapepala tiwiri ta risiti. Vuto ndi benchi yanga, Lachiwiri ndi tsiku limene ndimatsegula belo ndipo ndilibe wondigulitsira."

Achimwene a ku Katoto:
Timapepala tiwirito tikwanira, tengani. Mukafike mmawa ndithu anthu asanachuluke, ndipo mukapemphe kuti zimene mwanenazo azilembe mufailo olo atati mubwerenso tsiku lina.

NyaZolozolo:
Ine ndikuperekezani asisi, njira zake ndikuzidziwa. Admin apatseni nambala yanga.

Nachisale wa ku Luwinga:
Benchi musadandaule, mng'ono wanga amagulitsa nsapato ku Zigwagwa komweko, ndamuuza kale wavomera. Belo mudzatsegule Lachitatu, Lachiwiri angogulitsa zotsala zija. Admin tilumikizeni.

Admin:
Ndatumiza manambala onse awiri. Bambo a ku Mchengautuwa ndi agogo a ku Ching'ambo, ngati nanunso mukufuna kupita tsiku lomwelo ndiuzeni kumbali mupitire limodzi.